Malisiti a Malata

Lachinayi lija, woweruza atatseka buku lake,
ndinatuluka m'khothi la ku Limbe
ngati munthu wouzidwa kuchipatala kuti mankhwala atha.
Nyumba ya ku Chilobwe: ya Fulayisoni.
Ine: makina osokera, matilesi, mbale.
Mwana azikhala ndi mayi ake, anatero,
koma azikhala pati, sananene.

Ndinkayesa chigamulo ndi simenti,
ikauma yauma.
Amayi pafoni kuchokera ku Thyolo anati Mulungu aona.
Amvano anati pirira.
Mlamu wanga anasintha loko Loweruka lomwelo.

Nditapita kukatenga pepala langa,
kalaliki, a Mulipa, magalasi omanga ndi waya,
anandiyang'ana nthawi yaitali asanadinde.
"Mayi Likoswe, ili si mwala wa pamanda.
Pamwamba pa khothi lino pali lina.
Ngati mukuona kuti mlandu wapotoka, chitani apilo.
Koma masiku ake ngowerengeka,
sadikira kuti misozi iume."

Zaka zonsezi ndakhala ndikudutsa pa Chichiri,
nditapanikizika m'minibasi, nsalu za eni pamiyendo,
osadziwa kuti khomo lija nalonso nlanga.

Loya wa boma, mtsikana msinkhu wa mng'ono wanga,
anandidula ndili pakati pa nkhani ya chibwenzi cha ku Bangwe.
"Kumeneko safunsa ngati mwamunayo ndi woipa.
Akufuna muloze ndi chala
mzere umene khothi linaphonya."

Ndiye tinawerenga zonse zimene zinalembedwa tsiku lija.
Ndinayankhula ola lathunthu,
papepala ndinakwana theka la tsamba.
Tsamba la khumi ndi chimodzi likuti:
mkaziyu akuti anathandizako.

Anathandizako!
Malata makumi anayi ndi awiri.
Mayunifolomu a ana a ku Soche amene ndinasoka pakandulo
magetsi atathima, maso akutuluka madzi,
Januwale atatu otsatizana.
Malisiti onse ali m'chitini cha mabisiketi,
dzina langa, inki yofufuma, koma likuwerengeka.
Ndinawatulutsa m'khothi. Anati ikani apo.
Ndinaika.
M'chigamulo simunatuluke ngakhale lata limodzi.

Apa, ndinatero, chala changa chikunjenjemera. Apa.

Apilo ili ndi njala yake.
Yadya ndalama ya fotokope, ya minibasi,
yadya madiresi awiri a ukwati amene ndinachedwa nawo.
Mzere wa pawindo unanditengera m'mawa wonse,
nditafika, wodinda wapita kukadya.
Ndinabweranso mawa lake, kutatsala masiku awiri.
Chidindo chinagwa: phaa!
Sindinamvepo mawu okoma chotero
chichokere kulira koyamba kwa Mwandida.

Fulayisoni atalandira lake pepala
anaimba foni, kuseka.
"Sunatope, Ndaona?"
Ndatopa kwambiri.
Koma kutopa sikusaina pepala.

Tsiku sanatipatsebe.
Tikukhala m'kachipinda ka lendi ku Zingwangwa,
mvula ikamagwa ndimamva ikugunda denga la mwini,
nkumaganiza za langa, kuseri kwa phiri,
likufunda anthu ena.
Mwina ndikaluzanso. Loya sanandinamize:
ufulu wopita kumtunda
si lonjezo loti ukapezako zako.

Usiku wina Mwandida, akulemba homuweki pamwamba pa makina,
anafunsa kuti apilo nchiyani.
Ndinatenga siketi ya kasitomala imene ndinaikhotetsa msoko,
ndi lezala.
Ukuona? Nsalu sitaya.
Timadula ulusi umodziumodzi,
nkupereka kwa wa maso abwino aone pamene panalakwika.

Anati, ndiye akaona kuti msokowo unali bwino?

Ndinati gona, mawa sukulu.
Ndinakhala ndekha ndi chitini chija
kuwerenganso malisiti.
Akadali makumi anayi ndi awiri.